Mwana Woleredwa ndi Ena, Bala la Ukhanda ndi Mowa: Mafunso ndi Mayankho

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma, ndi makomo ochepa amene sakulera mwana wa wina. Wina amayi ake anamwalira pobereka, wina makolo ake anatsikira ku Joni n'kusiya kutumiza uthenga, wina ukwati wa makolo ake unatha bambo n'kunyamula thumba kubwerera kwawo. Ana ambiri otere amakula bwinobwino. Koma alipo ena amene akafika paunyamata amagwira botolo la kachasu kapena ndudu ya chamba n'kukanika kusiya, ndipo owalera amatsala akudzifunsa kuti analakwa pati. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene agogo, amalume ndi amayi aang'ono amakhala nawo.

Kodi kulera mwana wa m'bale n'chimodzimodzi ndi kutenga mwana kudzera kukhoti?

Ayi. Njira zilipo zitatu ndipo anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi imene tonse tikuidziwa: maliro akatha, abale amakhala pansi n'kugawana ana. Kwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, choncho mwini mawu ndi malume, ndipo kawirikawiri mwana amapita kwa agogo ake aakazi kapena kwa mchemwali wa malemuwo. Palibe pepala losaina. Mwana amakhalabe ndi dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wake.

Yachiwiri ndi yosunga mwana kwa kanthawi kudzera ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, malinga ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Apa makolo obereka amakhalabe makolo. Yachitatu ndi ya lamulo la Adoption of Children Act, limene linatsalira kuchokera m'nthawi ya atsamunda. Khoti likagamula, ufulu ndi udindo wonse wa makolo obereka umatha n'kupita kwa omutengawo, mpaka kalekale. M'bale aliyense amene akupemphedwa kusaina kapena kudinda chala ayambe wafunsa kuti pepalalo ndi la njira iti, chifukwa kumudzi ambiri amamva ngati akungopereka mwana kuti akaphunzire, adzabwera akadzakula.

Nanga nkhani ya Madonna ija ikukhudzana bwanji ndi zimenezi?

Msewu umene umadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete umakafika ku Mchinji, kumene kuli malo osungirako ana a Home of Hope. Kumeneko ndi kumene woyimba wa ku America, Madonna, anatenga David Banda mu Okutobala 2006, ali ndi chaka chimodzi, ndipo khoti lalikulu ku Lilongwe linatsimikiza mu Meyi 2008. Mu 2009 khoti lalikulu linamukaniza Madonna kutenga Chifundo James mu Epulo, koma khoti la apilo linamulola mu Juni. Mu 2017 anatenganso ana amapasa a ku Home of Hope komweko.

Anawa sitikuwatchula chifukwa cha mowa ayi. Tikuwatchula chifukwa cha chinthu chimodzi chimene chinaiwalika m'phokoso la nthawi imeneyo: bambo ake a David anali moyo. Amayi ake anamwalira iye atangobadwa, ndipo bamboyo anamupereka kumalo osungirako ana chifukwa analibe chomudyetsa. Nkhani ya ana ambiri a m'malo amenewa ndi yomweyo. Mu 2017 m'dziko muno munali malo otere 169 okhala ndi ana oposa 8,000, ndipo ambiri mwa anawo anali ndi kholo kapena abale amoyo. Chimene chimachotsa khanda m'manja mwa abale ake nthawi zambiri ndi kusowa mkaka ndi ndalama, osati kusowa chikondi.

Khanda la miyezi 6 lingakumbukire chiyani? Si laiwala kale amayi ake?

Nkhope ndi dzina silizikumbukira, zimenezo n'zoona. Koma thupi lake limakhala litaphunzira kale zinthu. Khanda silitha kudzitonthoza lokha. Likalira wina n'kulinyamula, kugunda kwa mtima kumatsika, mpweya umabwerera m'malo, ndipo zikachitika kambirimbiri ubongo wake umaphunzira kuti mantha amabwera n'kupita. Likalira popanda wobwera, kapena lero abwera uyu mawa uyo, thupi limazolowera kukhala tcheru nthawi zonse. Phunziro limeneli limalowa mwana asanayambe kulankhula, n'chifukwa chake akadzakula amalephera kulifotokoza. Amangoti, "Sindidziwa, mumtima simukhazikika."

Dokotala wa ku Britain, John Bowlby, analemba za zimenezi mu lipoti lake la 1951 ku bungwe la World Health Organization, ataona ana amene anasiyana ndi makolo awo. Umboni wamphamvu unadzabwera kuchokera ku Romania, ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989, pamene dziko linaona makanda ambirimbiri ogonekedwa m'tizimabedi popanda wowanyamula. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest mu 2000 anatsatira ana 136 a m'malo otere. Theka la iwo linaperekedwa kumabanja, ndipo amene anafika m'banja asanakwanitse zaka 2 ndi amene anachita bwino kwambiri pa nzeru ndi pa kukhulupirira wowalera. Michael Rutter ndi anzake anatsatira ana a ku Romania otengedwa ndi mabanja a ku Britain. Amene anakhala m'malo aja miyezi yosakwana 6 anakula ngati ana ena onse, pamene ambiri mwa okhalitsa anavutika ndi kusakhazikika maganizo mpaka kukula.

Ku Romania kunali nkhanza zoopsa, zosafanana ndi khomo la agogo ku Kabudula. Komabe phunziro lake likutikhudza: chofunika kwa khanda ndi munthu mmodzi wokhazikika, ndipo apezeke msanga.

Ndiye kuti mwana woleredwa ndi abale ali pabwino, palibe chodetsa nkhawa?

Mwambo wathu uli ndi mphamvu imene mayiko ambiri anaitaya. Khanda limakhala kumsana, limagona pafupi ndi munthu, ndipo amayi aang'ono ndi amayi ndithu, si mlendo. Mwana amene amayi ake amwalira iye atazolowera kale fungo ndi mawu a agogo ake sataya dziko lonse.

Koma tisadzinamize. Pali zinthu zitatu zimene zimachitika m'makomo mwathu zimene zimakulitsa bala m'malo molipoletsa.

Choyamba ndi kusunthasuntha. Chaka chino ali kwa agogo, njala ikavuta apite kwa malume ku Nsaru, malume akakwatira mkazi wina apite kwa azakhali ku Lilongwe, azakhali akatopa abwerere kumudzi. Mlimi wa fodya amadziwa kuti mbande yowokeredwa kamodzi n'kuthiriridwa imagwira, koma yozulidwa kangapo imafota ngakhale nthaka ikhale yabwino chotani. Kwa akulu, kusuntha kulikonse kumakhala ndi chifukwa chomveka. Kwa mwana kumatanthauza chinthu chimodzi: pano sindinafunike.

Chachiwiri ndi tsankho la pakhomo. Ana a mwini nyumba apita kusukulu, iye atsala kusoka fodya m'chigafa kapena kudyetsa ng'ombe. Yunifolomu yatsopano ndi ya ena, iye avala zosiyidwa. Akalakwa amauzidwa kuti, "Kodi ukudziwa kuti kuno si kwanu?" Mawu amenewa amalankhulidwa mumkwiyo wa mphindi imodzi, koma ndawamva akubwerezedwa ndi amuna a imvi, liwu ndi liwu, monga anawamvera ali ndi zaka 7.

Chachitatu ndi chete. Mwana saloledwa kufika pamaliro a amayi ake, sauzidwa chimene chachitika, ndipo akafunsa amamuuza kuti apita kutali. Akulu amachita zimenezi pomuteteza. Koma mwana amene sanauzidwe amadzipangira yekha yankho, ndipo yankho la mwana nthawi zambiri limakhala loti anamuthawa chifukwa iye ndi woipa.

Zikugwirizana pati ndi mowa ndi chamba?

Taganizirani mnyamata wa zaka 14 amene sanagonepo tulo tamtendere, amene akalowa pagulu amaona ngati onse akumuyang'ana. Tsiku lina walandira ndalama ya ganyu, anzake amugawira kabotolo pamsika. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mapewa atsika, manyazi achoka, akuseka ndi anthu. Anzake amwera chisangalalo, iye wapeza mankhwala. Apa ndi pamene pali kusiyana, ndipo n'chifukwa chake anzake aja amadzasiya akakwatira iye n'kupitiriza.

Ku America, madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anafalitsa mu 1998 zotsatira za kafukufuku wa akuluakulu oposa 9,000 a ku San Diego, amene anafunsidwa za nkhanza ndi mavuto a pakhomo paubwana wawo. Amene anakumana ndi mitundu 4 kapena kuposerapo ya mavuto amenewa anali ndi mpata wokhala zidakwa wochuluka pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi amene sanakumane nawo.

Kwathu kuno mankhwala abodzawa, mowa ndi chamba, sasowa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotchipa unabwerera m'timabotolo, ndipo kachasu amatchezedwa m'mudzi momwemo. Nyengo yogulitsa fodya ndi soya ndalama zimayenda, ndipo mnyamata amene palibe womufunsa kumene wagona ndi amene amayamba kugwa. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi chilolezo, koma chosuta ndi choletsedwabe, ngakhale achinyamata ena amamva ngati chonse chinamasulidwa.

Tinenenso momveka: ana ambiri oleredwa ndi ena sakhala zidakwa. Mpata ndi wokulirapo, koma si chiweruzo.

Bambo ake analinso chidakwa. Kodi si za kumtundu basi? Ena akuti anamulodza.

Magazi ali ndi gawo lake. Ku Sweden, Kenneth Kendler ndi anzake anaunika mu 2012 mbiri ya ana oposa 18,000 oleredwa ndi makolo osawabereka. Mwa ana amene kholo lowabereka linali ndi vuto la mankhwala ozunguza bongo, pafupifupi 9 pa 100 alionse anadzakhala ndi vutolo, pamene mwa enawo anali pafupifupi 4 pa 100. Mpata unawirikiza kawiri, komabe ana 9 mwa 10 alionse obadwa kwa makolo otere sanagwe. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti khomo lolera likakhala la mowa ndi kutha kwa ukwati, mpata umakwera, makamaka kwa mwana amene magazi ake ndi otengera kale. Choncho kunena kuti "watengera bambo ake" n'kumusiya ndi kutaya mbali imene ili m'manja mwanu.

Za ufiti, chimene chimaoneka n'chakuti banja limagulitsa mbuzi kupita kwa asing'anga, limadana ndi agogo ena osalakwa, mnyamata n'kumamwabe. Nthawi ndi ndalama zimenezo zikanamufikitsa kuchipatala.

Timuuze mwana kuti sitinamubereke, kapena tibise?

Muuzeni, ndipo muuzeni akadali wamng'ono, m'mawu olingana ndi msinkhu wake. M'mudzi mulibe chinsinsi. Mukapanda kumuuza inu, adzamva kwa mnzake pamkangano wa mpira, kapena kwa woledzera pamaliro, ndipo tsiku limenelo adzataya zinthu ziwiri: amayi amene sanawadziwe, ndi chikhulupiriro mwa inu amene munamulera. Mwana wa zaka 4 akhoza kumva kuti, "Amayi ako anali mng'ono wanga, anadwala n'kumwalira, ankakukonda, ndipo ine ndine mayi wako tsopano mpaka kalekale." Adzafunsanso akadzafika zaka 8, adzafunsanso pa 15. Kufunsako si kusayamika. Musanyoze kholo lake pamaso pake ngakhale linalakwa chotani, pakuti mwana amadziwa kuti theka la iye linachokera kumeneko.

Tidziwa bwanji kuti kumwa kwake kwasanduka matenda?

Akafuna kumwa pang'ono amalephera kulekeza. Mlingo umene unkamuledzeretsa kale sukumukwanira. M'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa. Chibaba chimamutenga moti amagulitsa feteleza, chimanga cha m'nkhokwe kapena njinga. Waona kuti ntchito yatha, mkazi wapita, thupi lafooka, koma akumwabe. Zikafika apa, kumukalipira kuti alimbe mtima sikuthandiza, chifukwa ubongo wasintha kagwiridwe kake ka ntchito.

Ndiye timutsekere m'nyumba asiye lero lomwe?

Ayi, ndipo apa pakhoza kutayika moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, amatuluka thukuta, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, ndipo popanda chithandizo ena amamwalira. Kumudzi zizindikirozi zimatengedwa ngati misala kapena kulodzedwa. Mutengereni kuchipatala: ku St Gabriel's ku Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, kuchipatala cha Kabudula, cha mishoni ku Nambuma, kapena chilichonse chapafupi chimene chingamutumize ku Kamuzu Central. Uzani adokotala zoona zake, mlingo umene amamwa ndi nthawi imene anamwa komaliza. Pali mankhwala monga diazepam ndi vitamini B1 amene amamuolotsa masiku oopsawa.

Kusiya chamba sikupha, koma kwa sabata imodzi kapena ziwiri munthu amasowa tulo, sakhumba chakudya ndipo sachedwa kupsa mtima. Akayamba kumva mawu a anthu amene palibe kapena kukayikira aliyense, apite kuchipatala msanga. Ndipo akanena zodzipha, musayese nthabwala za mowa. Chotsani m'nyumba tameki ndi mankhwala opopera mbewu, wina akhale naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mowa ukachoka m'thupi, ndiye kuti wachira?

Apo ndi poyambira chabe. Mowa unali kuphimba kanthu, ndipo ukachoka kanthuko kamaonekera: mantha, mkwiyo, chisoni cha maliro amene sanalire. Ambiri amene amabwerera ku botolo amabwerera pa nthawi imeneyi, abale akuganiza kuti nkhondo yatha.

A St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, yokhala ndi uphungu. Funsiranitu za malipiro ndi kalata yochokera kuchipatala. Chipatala cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba ku America mu 1935, linaima pa mfundo imene mpingo kapena mudzi uliwonse ungaigwiritse ntchito: anthu a vuto limodzi akumane kawirikawiri, alankhule zoona, ndipo watsopano akhale ndi mnzake mmodzi amene anasiya kale woti amuthamangire chibaba chikafika. Pemphero limalimbitsa anthu ambiri, ndipo liyende limodzi ndi chipatala, osati kulowa m'malo mwake.

Kwa munthu amene anasiyidwa ali khanda pali vuto lina lapadera. Kuchira kumafuna kuti akhulupirire munthu, pamene chinthu choyamba chimene moyo unamuphunzitsa n'chakuti anthu amachoka. N'chifukwa chake amayesa omuthandiza. Amatukwana mlangizi, amajomba tsiku lokumana, amakana malume amene akumulipirira. Mumtima akufunsa kuti, kodi inunso muchoka liti? Wothandiza amene wamvetsa zimenezi sakhumudwa msanga. Amaika malire omveka, sapereka ndalama m'manja, salola kumenya mkazi kapena ana, koma Loweruka likafika amabweranso monga analonjezera.

Anasiya miyezi ingapo, wayambiranso. Titaye mtima?

Kubwerera kumachitika kwa ambiri, monga momwe shuga kapena kuthamanga kwa magazi kumakwereranso munthu akaleka kudzisamala. Funsani chimene chinachitika masiku angapo asanamwe. Nthawi zambiri mupeza maliro, mkangano ndi mkazi, ndalama za fodya zolandira nthawi imodzi, kapena mawu a m'bale omukumbutsa kuti ndi wobwera. Chimenecho ndi chimene muyenera kukonzekera ulendo wina. Mawu oti "choka, usadzabwerenso" ndi amene wakhala akuwayembekezera moyo wake wonse, ndipo akawamva amapeza chifukwa chomwera mpaka kufa. Ngati akuopseza ana pakhomo, akhoza kukagona kwina, koma adziwe khomo limene angagogode ali wosaledzera.

Ena akayamba kuchira amafuna kukaona kwawo kwa bambo awo kapena manda a amayi awo. Muperekezeni. Koma asapite m'masabata oyamba, ndipo akonzekere kuti mwina sakalandiridwa monga akulotera.

Mayi wamwalira sabata ino, wasiya khanda. Tichite chiyani kuti zonsezi zisadzachitike?

Banja lisankhe munthu mmodzi woti alere mwanayo mpaka akule, ndipo ena onse athandize munthu ameneyo ndi chimanga, sopo ndi ndalama ya mkaka, m'malo mosinthana khandalo. Za kadyetsedwe funsani kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku lomwelo, pakuti phala ndi mkaka wa ng'ombe sizoyenera khanda losakwana miyezi 6, ndipo woti aliyamwitse ayenera kuyamba wayezetsa magazi. Dziwitsani amfumu ndi woona za chitetezo cha ana m'dera lanu, ndipo funsani ngati khomolo lingalowe mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Ngati palibiretu njira ndipo khanda lapita kumalo osungirako ana, likhale la kanthawi, abale azipita kukaliona, ndipo tsiku lobwerera likambidwe poyamba pomwe. Ana a mimba imodzi asabalalitsidwe ngati n'kotheka.

Pali chinthu chimodzi cha mwambo wathu chofunika kuchiganizira bwino. Mkamwini akaferedwa, amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala ndi mbumba. Mwana amene wataya amayi mwezi uno amatayanso bambo posakhalitsa, bamboyo ali moyo, mwina ali m'mudzi wa tsidya lina la dambo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhoza kugwirizana pa tsiku losudzulalo kuti bamboyo azibwera liti, azithandiza chiyani, ndipo mwana azipita liti kukacheza kwa azakhali ake. Ndipo mukaona mwana woleredwa akuzunzidwa pakhomo la mnansi, nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana, mukhoza kuimba osatchula dzina lanu.